Za Sonja Henie uja: anali dolo kapena ndi thumba la bambo ake?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ali kunjaku, akuti mwana wawo wayamba masewera otsetsereka pa ayezi aja, figure skating, ndipo kochi wake sakhala osatchula Sonja Henie. Ndiye akufunsa kuti kodi mtsikana wa ku Norway ameneyu analidi dolo, kapena ankangomukondera poti kwawo kunali makobili?

Mayi, ndalama zinalipo, izo zokha tisanamizane. Bambo ake Wilhelm Henie anali ndi bizinesi ya zikopa zaubweya ku Oslo, komanso iwowo mu 1894 anali champiyoni wa dziko lonse pa mpikisano wa njinga, ndiye zamasewera ankazidziwa ndipo mwanayo anamupezera makochi odula mpaka aphunzitsi a ballet. Koma taonani, atapita ku Olympics koyamba ku Chamonix mu 1924 ali ndi zaka 11 zokha, pa anthu 8 iye anakhala nambala 8, kumchira kwenikweni, thumba la bambo lili pomwepo.

Pomwe pali kafungo ndi 1927. Mpikisano wa dziko lonse unachitikira kwawo ku Oslo, majaji anali asanu ndipo atatu anali a ku Norway komweko, atatuwo anamuika Sonja pamwamba pomwe awiri akunja anasankha Herma Szabo wa ku Austria amene anali champiyoni zaka zisanu zotsatizana. Szabo zinamuwawa mpaka anasiyiratu mipikisano, ndipo zitatero malamulo anasinthidwa kuti dziko lililonse lizikhala ndi jaji mmodzi basi. Ineyo ndikanakhala Szabo bwenzi ndikudandaulabe mpaka lero, sindinama.

Koma nanga lamulo litasintha bwanji sanagwe? Chikho cha dziko lonse anachisunga kuyambira 1927 mpaka 1936, ka 10 motsatizana, cha ku Ulaya ka 6, kuphatikiza golide wa Olympics katatu, St. Moritz 1928, Lake Placid 1932 ndi Garmisch-Partenkirchen 1936. Ndiye mukumbukire kuti nthawi imeneyo sikunali kungodumpha ndi kuzungulira ngati zomwe timaonera pa TV lerozi ayi, mamalikisi ambiri ankachokera pa kujambula ma 8 pa ayezi ndi mwendo umodzi, kubwereza mzere womwewo osaphonya, kenako majaji amabwera kudzawerama kusuzumira pomwe chitsulo cha nsapato chadutsa kuti aone ngati mwendo unanjenjemera. Pamenepo bambo sangakujambulire.

Ku Garmisch kuja mpikisano unali wotentha, kamtsikana ka ku Britain ka zaka 15, Cecilia Colledge, kanamupumira m'khosi mpaka kumapeto koma kanathera pa siliva. Chaka chomwecho Sonja anatsazika mipikisano nkupita ku Hollywood kukapanga mafilimu. Nkhani yoti mu 1936 anapereka sawatcha ya chipani cha Nazi kwa Hitler ku Berlin inamuipitsira dzina kwawo, koma imeneyo ndi ya tsiku lina.

Ngati mwana wanu mwamugulira nsapato zoyera ndi kasiketi kakafupi, dziwani kuti anatchukitsa zimenezo ndi Sonja yemweyu, asanabwere iye azimayi ankatsetsereka ndi nsapato zakuda ndi masiketi aatali.