Nital siwonetsa kanthu pa sitenilesi 304, yesani oxalic acid ndi magetsi

Achimwene, mwafunsa kuti mwatenthetsa zidutswa ziwiri za sitenilesi ya 304, china pa 650°C kwa maola 2, china pa 1050°C n'kuchiviika m'madzi, koma mutazithira nital (nitric acid wosakaniza ndi alcohol, wodyetsa pamwamba pa chitsulo kuti kapangidwe ka m'kati kaoneke), pa maikulosikopu pakungowala mbee. Maikulosikopu yanu ilibe vuto. Nital ndi wa chitsulo wamba cha kaboni. Sitenilesi ya 304 ili ndi chromium pafupifupi 18 peresenti, ndipo nitric acid imene ili mu nital, m'malo modya chitsulocho, imangolimbitsa kachikopa kopyapyala kamene kamachiteteza ku dzimbiri.

Koma musanafike pa asidi, onani kaye momwe mwakonzera pamwamba, chifukwa ntchito zambiri zimawonongekera pamenepo. Dulani ndi gudumu lothiridwa madzi, osati galainda youma, popeza kutentha kwake kumasintha chomwe mukufuna kuona. Perani ndi sandipepa ya silicon carbide, 240, 320, 400 mpaka 600, madzi akuyenda, ndipo potenga pepala lina tembenuzani chidutswa madigiri 90 mpaka mizere yakale ifafanizike. Musakanikize. 304 ndi yofewa, imapakika ngati sera, ndipo mukaipanikiza pamwamba pake pamabadwa martensite (kapangidwe kena kolimba ka m'kati mwa chitsulo) amene sanachokere mu ng'anjo. Ambiri amajambula zimenezi n'kumati ndi zotsatira za kutentha. Polishani ndi diamond ya ma micron 6, 3 ndi 1, tsukani bwino pakati pa nsalu ndi nsalu, thirani ethanol, umitsani ndi mpweya.

Njira yoyenera funso lanu ili mu ASTM A262, malangizo a kayezedwe ka sitenilesi, gawo lotchedwa Practice A. Sungunulani magalamu 100 a oxalic acid m'mamililita 900 a madzi a distilled. Chidutswa chanu chilumikizeni ku pozitivi, ku negativi ikani kachitsulo kena ka sitenilesi, ziwirizo muziviike m'madziwo koma zisakhudzane. Magetsi akhale a DC, ampeya 1 pa sentimita sikweya iliyonse yomira, kwa masekondi 90. Chidutswa cha sentimita 1 kwa 2, nkhope imodzi yokha ili poyera, chifuna maampeya 2. Yezani malowo ndithu, musamangoyang'ana ma volt. Madziwo asatenthe kufika 50°C. Mukasinthanitsa mawaya, thovu lituluka lambiri koma chidutswa chituluka chowala ngati poyamba. Valani magolovesi ndi magalasi, oxalic acid ndi poizoni.

Onani pa maikulosikopu mutakulitsa ka 250 mpaka ka 500. Chitsulo chimapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa ma grain, ndipo chidutswa cha 1050°C chiyenera kuonetsa malire a ma grain opyapyala ngati timasitepe, ndi mizere yowongoka iwiriiwiri m'kati mwa ma grain. Mizere imeneyo ndi ma twin, si ming'alu, musade nayo nkhawa. Cha 650°C ndiye chili ndi nkhani. Pakati pa 425 ndi 870°C kaboni amagwirana ndi chromium n'kupanga ma carbide m'malire a ma grain, ndipo m'mbali mwa malirewo chromium amatsika kupyola 12 peresenti yofunika kuti chitsulo chidziteteze. Pa maikulosikopu muona ngalande zakuda zokhuthala. Ngati ngalandezo zili apa ndi apo osazungulira grain ngakhale imodzi, imeneyo ndi dual. Grain imodzi yokha ikazingidwa mbali zonse, ndi ditch. Yendani chidutswa chonse, kuchokera m'mphepete mpaka pakati, chifukwa chithunzi chimodzi chimanamiza. Zomwezi ndi zimene zimachitika pafupi ndi pamene mwawotcherera, mapaipi n'kumadontha mamilimita ochepa kuchokera pa msoko pomwe msokowo uli bwinobwino.

Apa ndiye ndikufuna mumvetsetse: ditch si umboni woti chitsulo chalephera. Oxalic acid pa magetsi amenewa imadya ma carbide enieniwo, siyeza kuchepa kwa chromium. Practice A imavomereza chitsulo, siikana. Mukapeza ditch pitani ku Practice E ya mu A262 yomweyo, kuwiritsa chidutswa mu copper sulfate ndi sulfuric acid ya 16 peresenti chitakhudzana ndi kopa kwa maola osachepera 15, kenako kuchipinda n'kuona ngati chikung'aluka.

Ngati zonse ziwiri zatuluka zofanana, fufuzani satifiketi ya chitsulocho. Mwina muli ndi 304L, imene kaboni wake sapitirira 0.03 peresenti pomwe 304 wamba amafika 0.08, ndiye ma carbide amachedwa kupangika. Ngati cha 1050°C nachonso chili ndi ngalande, munachedwa kuchichotsa mu ng'anjo kupita m'madzi, kapena n'chonenepa moti pakati panazizira pang'onopang'ono. Pa mitundu ina ya sitenilesi, 410 ndi 420 zolimbitsidwa, gwiritsani ntchito mankhwala a Vilella: galamu 1 ya picric acid, mamililita 5 a hydrochloric acid ndi mamililita 100 a ethanol. Picric acid isaume m'botolo, youma imaphulika.