Musalumphe logic, achimwene

Mwafunsa ngati kuli kofunika kuvutika ndi relational algebra (masamu osefera ndi kuphatikiza matebulo) ndi predicate logic (malamulo olembera mfundo zoona kapena zabodza) pomwe kuntchito amangofuna munthu wodziwa SQL, chinenero chofunsira mafunso mu database. Ine ndikuti musazilumphe, ndipo muyambire pa logic.

Mu 1970 Edgar Codd wa ku kampani ya makompyuta ya IBM anabweretsa ganizo loona tebulo ngati gulu la mfundo zoona. Mzere uliwonse ukunena chinthu, monga "wophunzira uyu analembetsa phunziro ili". Mu 1972 anasonyeza kuti mafunso a relational calculus, njira yofunsira yomwe inachokera ku first-order logic (predicate logic yomweyi), akhoza kulembedwanso mu relational algebra. Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce anamanga chinenero cha SEQUEL mu 1974 potsata ntchito ya Codd, ndipo ndiyo inadzakhala SQL.

Phindu lake mudzaliona pa mawu amodzi okha: "onse". Yesani kupeza ophunzira amene analembetsa maphunziro onse. SQL ili ndi EXISTS, yofunsa ngati chinthu chilipo, koma ilibe njira yachindunji yonenera "kwa onse". ALL yake ndi yongoyerekezera manambala ndi zina zotero. Muyenera kulitembenuza funsolo: wophunzira amene palibe phunziro limene sanalembetse. Ndiye mulemba NOT EXISTS ziwiri, ina mkati mwa inzake. Amene sanaphunzire logic amaziloweza ngati nyimbo, mawa waiwala. Amene anaphunzira amazitulutsa yekha papepala.

China chimene chimandipweteka mtima ndi NULL, chizindikiro cha malo opanda kanthu mu tebulo. Apa SQL inapatuka panjira ya logic ya zoona ndi zabodza, nkuwonjezera chachitatu, chosadziwika. Mukagwiritsa ntchito NOT IN, yofufuza zimene sizili m'mndandanda, pa mndandanda umene muli NULL ngakhale imodzi, simupeza mzere uliwonse, ndipo kompyuta siikuchenjezani. Ine ndinatayapo tsiku lathunthu pa lipoti lotuluka lopanda kanthu chifukwa cha zimenezi. Komanso SQL imalola mizere yobwerezabwereza pomwe algebra ya Codd siilola, nchifukwa chake kuli DISTINCT yochotsa zobwerezazo.

Za WITH RECURSIVE (funso lodziitana lokha mobwereza) ndi Datalog (chinenero china chofunsira cha logic) zisiyeni kaye. Ingodziwani kuti funso lotsata mabwana a munthu mpaka pamwamba silitheka mu first-order logic yokha, nchifukwa chake WITH RECURSIVE inalowa mu malamulo a SQL a 1999 (SQL:1999).

Ikani SQLite, pulogalamu yaing'ono ya database, pa laputopu, pangani matebulo atatu ang'onoang'ono, ophunzira, maphunziro ndi kulembetsa. Funso lililonse mulinene kaye m'Chichewa, kenako mulilembe mu logic, SQL ibwere pomaliza. Mukalemba lija la "onse", litumizeni muno tiliwone limodzi.