Amalume, nali yankho la funso lanu lija

Amalume, mwadzuka bwanji kumeneko? Uthenga wanu wa dzulo usiku ndaumva mmawa uno. Kuno kwazizira moti ikangokwana 9 koloko munthu umangofuna bulangete, foni osayiyang'ananso. Ndati ndiyankhe ndi mawu chifukwa kulemba zonsezi zala zingatupe. Enanu a pagulu pano amene simunamve, amalume afunsa kuti, iwe zaka zonsezi uli ku Germany, udokotala wa maphunziro unatenga kale, ukufufuzabe chiyani m'Chijeremani choti eni ake sachidziwa, nanga ntchito yokhazikika uyamba liti? Ndaona azakhali aikapo kankhope koseka. Ndakuonani azakhali.

Ndiyambe ndi loyambalo poti ndi limene ndimalikonda. Lachiwirilo limaluma pang'ono, tifikako.

Ine sindiphunzitsa azungu kuyankhula ayi, kuyankhula amadziwa. Inuyo amalume Chichewa mumachidziwa kuposa ine, koma nditakufunsani kuti bwanji timati m'nyumba mwalowa njoka, osati m'nyumba kwalowa njoka, mungondiyankha kuti ndi mmene timanenera basi. Lamulolo lili m'mutu mwanu, simuliphonya, koma kuti mulifotokoze ndiye nkhani ina. Ntchito yanga ndi kulivundukula lamulolo n'kulilemba bwinobwino, kuti wina akaliyesa pa ziganizo zina aone ngati likugwira kapena likugwa. Ineyo ndimaona zinthu ziwiri, kasanjidwe ka mawu m'chiganizo ndi tanthauzo limene kasanjidweko kamabereka.

Komanso si Chijeremani chokha. Ziyankhulo nazo zili ndi mawere ngati ife. Chijeremani, Chidatchi, Chingerezi, cha ku Sweden, cha ku Norway, cha ku Denmark, cha ku Iceland, Chiyidishi cha Ayuda a ku Ulaya, ndi Afrikaans imene munkaimva ku Joni ija, zonsezi n'za bere limodzi, monga mmene Chichewa, Chitumbuka ndi Chizulu zilili pachibale. Timaziika pamodzi n'kumaona kuti apa zafanana, apa zasiyana, chasiyanitsa n'chiyani.

Tsono tamverani chinthu chimene chinandikola. Mukukumbukira ku pulayimale, mneni, mwininkhani, pamtherankhani? Eya. M'Chijeremani mneni ali ndi mpando wake, wachiwiri, ndipo sachokapo. Munthu akafuna kunena kuti ndimwa tiyi lero amati Ich trinke heute Tee. Trinke ndiye mneni, kumwako, ali pachiwiri. Akafuna kuyamba ndi lero, amati Heute trinke ich Tee. Mwamva? Ich uja, ineyo, wakankhidwira kumbuyo, mneni ali pomwepo. Ayambe ndi tiyi, Tee trinke ich heute, chimodzimodzi. Kutsogolo kumaloledwa chinthu chimodzi chokha, chilichonse chimene mwasankha, kenako mneni. Ndipo amalume inu munkazichita izi osadziwa. Paja munkatiseketsa ndi Môre gaan ek huis toe, mawa ndikupita kwathu. Gaan ali pachiwiri, ek akubwera pambuyo. Lamulo lake ndi lomweli.

Koma mukangoika mlumikizi kutsogolo, monga dass amene ndi kuti, mneni amathawira kumapeto kwenikweni. Er sagt, dass er morgen kommt, akuti abwera mawa, kommt ali kumchira. Chotsani dass, mneni wabwerera, Er sagt, er kommt morgen. Munthu wina wa ku Amsterdam, Hans den Besten, mu 1977 ndiye anati anthuni, apa mpando ndi umodzi. Mlumikizi akaukhala, mneni amatsala kwawo kumapeto. Mpando ukakhala wopanda munthu, mneni amanyamuka n'kudzaukhala. Zili ngati mpando wa mfumu pabwalo, mfumu ikapanda kubwera nduna imakhalapo, koma awiri sangakhalepo nthawi imodzi. Tsiku limene ndinamva zimenezi m'kalasi sindinagone, zoona. Chinthu chimene ndinkangoloweza ngati ndime ya Sande sukulu chinapezeka kuti chili ndi chifukwa.

Vuto ndi lakuti abale ena samvera. Ku Iceland ndi m'Chiyidishi, mlumikizi alipo, mneni nayenso ali pafupi pomwepo, osathawira kumapeto. Chingerezi chinali ndi lamulo la mpando wachiwirili kalekale, chinalitaya zaka mazana angapo zapitazo, changotsala ndi zipsera monga Never have I seen ndi What did you buy. Ndiye mkangano ulipobe mpaka lero, tili ndi msonkhano wathu umene timakumana kukangana zomwezi, ndipo anthu amatuluka thukuta.

Kanga kamunda ndi kakang'ono. Pali mawu oti weil, ndiye kuti chifukwa. Buku la galamala limati pambuyo pa weil mneni apite kumapeto. Koma anthu poyankhula nthawi zambiri satero. Ndikuuzeni za mayi eni nyumba imene ndinkachita lendi nditangofika. Anali mphunzitsi wopuma, wa ukhondo wake, nsapato kuvulira pakhomo. Tsiku lina ndikuwauza kuti sindibwera kudzamwa khofi, ndinati weil ich habe keine Zeit, chifukwa ndilibe nthawi. Mayi aja anaika kapu pansi, n'kukweza chala, akuti ayi mwana wanga, timati weil ich keine Zeit habe. Ndinapepesa. Sipanathe mphindi zisanu, akusuzumira pawindo, amvekere, aneba abwerako, weil das Licht ist an, chifukwa getsi layaka. Mneni pachiwiri! Ndinangoluma mlomo kuti ndisaseke. Nditawauza anakana kuti sananene choncho, mpaka anakwiya pang'ono.

Koma taganizani bwino amalume, mayi aja sanalakwitse. Getsi kuyaka si chimene chabweretsa aneba kunyumba. Getsilo ndi umboni chabe, ndi chifukwa chimene iwo akunenera kuti aneba abwerako. Zili ngati ife tikati kwagwa mvula, chifukwa pansi panyowa. Kunyowako sikunagwetse mvula ayi. Ndiye pali chifukwa cha chochitikacho, palinso chifukwa chimene ine ndikunenera zimenezo, ndipo Chijeremani choyankhula chimakonda kuonetsa kusiyanako ndi malo amene mneni wakhala. Malo a mawu amodzi asintha tanthauzo. Buku langa la udokotala linali pamenepo, masamba onse aja amene amayi anaika m'kabati ya mbale.

Panopa ndili pa timawu ting'onoting'ono timene mtanthauziramawu amalephera nato, monga ja, doch, wohl, halt. Tilibe chinthu chimene mungaloze kuti ichi, koma mukatichotsa chiganizo chimazizira. Anzanga a ku America amavutika nato kwambiri, ine ayi, chifukwa ife tili nato. Bwera ndi bweratu si chimodzi. Wapita ndi wapita eti si chimodzi. Ndipo pali kena kamene kanandipatsa mutu wa kafukufuku amene ndikuchita panoyu. Mjeremani akaiwala dzina lako amati Wie heißt du noch mal? Mawu oti noch mal paokha akutanthauza kachiwiri, koma iye sakunena kuti uli ndi dzina kachiwiri. Akunena kuti ndinalidziwapo, ndikumbutse. Ine nditamva ndinati aaa, ameneyu ndi paja! Paja dzina lako ndani? Simungamufunse choncho munthu amene simunakumanepo naye. Ndiye funso ndi lakuti, kodi kamawu kameneka kamafuna kuti pakhale chiyani pakati pa woyankhula ndi womvera kuti kaloledwe, ndipo kamakhala pati m'chiganizo. Timazilemba ndi zizindikiro zonga za masamu, moti mutaona bolodi langa mungayese ndine wa akaunti.

Tsiku langa la ntchito silosangalatsa kuonera. Ku Mannheim kuli bungwe loona za Chijeremani limene linasonkhanitsa zolembedwa zochuluka zedi, manyuzi, mabuku, mawu mabiliyoni, ndiye ndimafufuzamo pa kompyuta kuti anthu amalembadi chiyani. Kenako ndimakonza ziganizo, zina zabwino zina zopindika dala, n'kupatsa eni chiyankhulo kuti apereke malikisi kuyambira 1 mpaka 7, ichi chikumveka, ichi ayi. Ndimaphunzitsanso kalasi imodzi pa sabata. Eee, ana a Chijeremani, ine kutsogolo. Tsiku loyamba amandiyang'ana modabwa, koma ndikawafunsa chifukwa chimene mneni wawo amathawira kumapeto, zii, onse maso pansi. Zotsalazo ndi kulemba, kutumiza, kudikira miyezi, kubwezeredwa ndi ndemanga za anthu awiri osadziwika mayina, kukonza, kutumizanso. Pepala langa lina linabwezedwa kawiri. Lachitatu ndi pamene linalowa, ndipo ndinagula nkhuku yathunthu ndekha.

Ndikudziwa chimene chili kuseri kwa funso lanu amalume, ngakhale simunachitchule. Mukuti bwanji osafufuza chathu. Chathu chili kale m'kati mwa nkhaniyi, mwina kuposa mmene mukuganizira. Galamala ya Chichewa imene Mark Hanna Watkins anatulutsa mu 1937, munthu amene ankamuuza ziganizo anali Kamuzu, akadali mwana wa sukulu ku Chicago. Pambuyo pake a Sam Mchombo, amene akhala zaka zambiri ku yunivesite ya Berkeley ku America, analemba ndi Joan Bresnan wa ku yunivesite ya Stanford mu 1987 za mmene mneni wathu amagwirizanirana ndi mayina. Mu 1989 Bresnan yemweyo ndi Jonni Kanerva analemba za ziganizo zonga chija ndayamba nacho, m'nyumba mwalowa njoka, kumudzi kwabwera alendo, pamene malo amakhala ngati mwininkhani mpaka mneni kutenga mu kapena ku. Chingerezi chili ndi kasanjidwe kofanana nako, ndipo anthu ofufuza Chingerezi amawerenga za Chichewa kuti amvetse chawo. Ine ndinakumana ndi ziganizo zathu m'kalasi kuno, mphunzitsi akuvutika kutchula njoka, ndinachita kumuthandiza. Ndiye sindinataye kwathu ayi. Khutu limene ndimamvera Chijeremani ndi lomwe agogo analisula.

Chabwino, za ntchito. Apa sindikunamizani. Ndili pa kontirakiti ya zaka zitatu, yatsala chaka ndi miyezi ingapo. Malipiro alipo, lendi ndimalipira, inshuwalansi ya kuchipatala ilipo, ya fetereza ija inafika. Koma si yokhazikika, ndipo si ine ndekha. Kuno kuli lamulo la mu 2007, dzina lake lalitali ngati sitima ya malasha, Wissenschaftszeitvertragsgesetz. Limalola yunivesite kukulemba ntchito ya kanthawi kwa zaka 6 usanatenge udokotala, ndi zina 6 utatenga. Zikatha, ngati sunapeze mpando wokhazikika, umadalira ndalama za mapulojekiti, kapena umatuluka. Mu 2021 ofufuza ambiri anadandaula poyera pa Twitter za moyo umenewu, nkhani inafika mpaka ku nyumba ya malamulo. Mpando wokhazikika kwenikweni ndi wa upulofesa, ndipo njira yakale yofikirako ndi kulemba buku lachiwiri lalikulu, amati Habilitation, ngati udokotala wina pamwamba pa udokotala. Mipandoyo ndi yochepa, m'phunziro lathu lino mpaka wina apume ndi pamene pamatseguka, ndipo tikamafunsira timakhala tonse odziwana, anthu omwe timadyera limodzi kumisonkhano. Chaka chatha ndinaitanidwa malo ena, ndinakaphunzitsa kalasi yoyeserera pamaso pa komiti, ndinatuluka wachitatu. Wachitatu sadya kanthu.

Ndadziikira malire. Ndiyesa kuno, ku Netherlands ndi ku Norway mpaka kontirakitiyi ithe, ndikulembanso pempho la ndalama za pulojekiti yanga yanga. Zikakanika, anzanga ena analowa m'makampani a kompyuta zomasulira ndi zomva mawu, akudya bwino kuposa ine. Kubwera kudzaphunzitsa kwathu nakonso ndimakuganizira, osati ngati pothawira ayi, ndimakufunadi, kungoti ndikufuna ndibwere ndi kanthu m'manja. Amayi musadandaule, sindikugona ndi njala.

Tsono amalume, poti mwandiyambitsa nokha, ndikupatseni ntchito ya Kamuzu. Mukapita kwa agogo Loweruka, mukawafunse mwakachetechete, osawauza kuti ndi za sukulu chifukwa ayamba kuyankhula cha m'Baibulo. Ndikufuna ndidziwe ngati munthu anganene kuti paja mwabwera liti kwa mlendo amene wangomupeza pakhonde, amene sanamuuzepo tsiku lobwera. Ine khutu langa likukana, koma lakhalitsa kunja, sindikulikhulupiriranso. Muwajambule mawu, ndipo inunso muyankhe panokha musanamve yankho lawo. Azakhali nanunso, m'malo moseka. Basi, sitima yanga yafika, moni kwa onse kumeneko.