Kodi chiwerengero cha anthu n'chokwanira kuti tidziwe moyo wa ana a sukulu zakumudzi?

Mayi wina amene angosankhidwa kumene m'komiti yoyang'anira sukulu zingapo za m'dera lakumudzi ananditumizira imelo yonena kuti: "Tapatsidwa chikalata chosonyeza chiwerengero cha anthu a m'dera lathu ndi avareji ya ndalama zimene banja limapeza pa chaka. Kodi zimenezi n'zokwanira kuti tidziwe mmene ana athu akukhalira?" Mayi, sizokwanira ayi.

Choyamba funsani misinkhu ya anthuwo. Mwana wobadwa chaka chino adzafuna malo m'kalasi pakatha zaka pafupifupi 6, motero kaundula wa ana obadwa angakuuzeni zambiri kuposa kalembera, amene m'mayiko ambiri amachitika kamodzi pa zaka 10. Akatswiri amayerekezanso ana osafika zaka 15 pamodzi ndi okalamba a zaka 65 kapena kuposerapo ndi anthu a zaka 15 mpaka 64, omwe ndiwo amayembekezeka kugwira ntchito. Kumudzi kumene achinyamata amachoka kukafuna ntchito kutauni, mupeza makomo ambiri amene agogo okha akulera zidzukulu, ndipo chikalata chanucho sichionetsa zimenezi.

Avareji ya ndalama nayo imasocheretsa. Mabanja ochepa opeza bwino amaikweza, osauka n'kubisika mkati mwake. Komanso mlimi amagwira ndalama nthawi yokolola, pomwe mwana amafuna chakudya ndi kope chaka chonse.

Ine ndimakhulupirira kwambiri muyeso wa umphawi umene bungwe la United Nations loona za chitukuko, la UNDP, linayamba kufalitsa m'chaka cha 2010 mogwirizana ndi ofufuza a ku yunivesite ya Oxford. Muyesowu suwerenga ndalama, koma umayang'ana zinthu 10 zokhudza thanzi, maphunziro ndi kakhalidwe ka pakhomo, monga madzi akumwa, chimbudzi, magetsi, nyumba, chimene banja limaphikira ndiponso katundu amene lili naye. Banja limawerengedwa kuti likusowa madzi ngati ulendo wokatunga ndi kubwerako umatenga mphindi 30 kapena kuposerapo, ndipo aliyense amene anaphunzitsapo kumudzi akudziwa kuti ulendowo kawirikawiri amayenda ndi mtsikana, yemweyo amene mawa adzalembedwa kuti wachedwa kusukulu. Nyumba yopanda magetsi ndi ya mwana amene dzuwa likalowa sangawerengenso. Muyesowu umafunsanso ngati pakhomopo pali munthu amene anamaliza zaka 6 za sukulu, funso limene ndimaliona lolemera kuposa onse, chifukwa ngati palibe, mwana alibe womuthandiza ntchito ya kusukulu akafika kunyumba.

Kafukufuku amene katswiri wa za kakhalidwe ka anthu, James Coleman, anatsogolera ku America m'chaka cha 1966 anapeza kuti kusiyana kwa ana pa maphunziro kumayenderana kwambiri ndi mabanja amene akuchokera kusiyana ndi zipangizo za pasukulu. Sindikutchula zimenezi pofuna kuchotsera aphunzitsi udindo, koma kuti komiti yanu isaike maso pa makoma a kalasi okha.

Poyambira, Mayi, pemphani aphunzitsi aakulu kuti akupatseni kaundula wa ana ojomba wa mwezi uliwonse, anyamata paokha, atsikana paokha. Mukaona miyezi imene ana amasowa kwambiri, pitani kumidzi imene anawo amachokera, mukafunse amene akukhala nawo ndi mtunda umene amayenda kuti afike pasukulu.