Timitengo tanga anatiwotcha ngati zinyalala

Madamu, mwati kuchotsera kobwereka kukuwakanika ana anu a Standard 2 ndipo mukufunsa ngati pa intaneti pali zothandiza, nkhani imeneyi mwandikumbutsa chinthu chowawa zedi. Ana anga nawonso zinkawakanika, ukawapatsa 42 kuchotsera 17 ankangotembenuza, 7 kuchotsera 2, 4 kuchotsera 1, basi yankho 35, pafupifupi kalasi yonse. Ndiye ndinayamba kutolera timitengo ndi zitsekerero za mabotolo, ana kubweretsa kuchokera kunyumba, ine usiku kumadula mphira wa chubu cha njinga kumanga mitolo ya khumi khumi. Mwana akamasula yekha mtolo umodzi nkuona timitengo 2 tija tasanduka 12, achotsepo 7 titsale 5, pa mitolo 3 yotsalayo achotsepo umodzi, 25 imeneyo, simufunikanso kukuwa pa bolodi. Ngakhale aja okhala kumbuyo osayankhula anayamba kukweza manja.

Kenako kunamveka zoti kubwera alendo odzayendera sukulu. Ahedi analamula kuti makalasi onse asesedwe, tsiku limenelo ine ndinali kumaliro a azakhali. Mmawa mwake ndikulowa mkalasi makatoni anga onse palibe, ndikufunsa ana angoti zii, mpaka kamtsikana kena kanayamba kulira nkundilozera kudzenje la zinyalala kuseri kwa zimbudzi. Ndinathamangira komweko, utsi unali ukufukabe, mphira uja ukununkha, zitsekerero zapulasitiki zitasungunuka nkumatana. Ndinangoima ndi choko mmanja misozi ili chuchuchu ana akundiyang'ana. Ndiye alendo aja analowadi mkalasi mwanga, kufunsa kuti madamu TALULAR wanu (zipangizo zophunzitsira zopezeka mdera) ali kuti, masamu mukuphunzitsa ndi pakamwa pokha? Analemba mbuku mwawo ine ndikuona. Ahedi ali poteropo manja kumbuyo osanena olo liwu limodzi loti ndi ine ndinalamula. Mpaka lero pepani sanabwere. Munthu amene pa msonkhano uliwonse amatilalikira za zipangizo zopezeka mdera, yemweyo kuziona akuti zikudetsa kalasi! Zimandipweteka chifukwa amene analuza ndi ana, teremu inali itapita kale.

Za pa intaneti zilipo ndithu. TESSA ya Open University ya ku UK ili ndi maphunziro a masamu olembera aphunzitsi a kuno ku Africa, aulere, mumangodawunilodi nkusunga. Khan Academy mavidiyo ake onerani inuyo kunyumba kuti mutengeko kafotokozedwe, ndi achingerezi ndipo kafoni kamodzi sikangakwane ana odzaza kalasi. PhET ili ndi timasewera ta manambala, Kolibri ndi pulogalamu yophunzirira imene imagwira popanda netiweki ngati pasukulu pali kompyuta. Ngati sukulu yanu ili mu BEFIT, pulogalamu ya boma yophunzitsira ana pa matabuleti, matabuleti aja ali ndi masamu a bungwe la onebillion mChichewa, a Standard 1 mpaka 4, musalole ana kuphonya nthawi yawo.

Koma ine ndikuti toleranibe timitengo, palibe vidiyo imene inathandiza ana anga kuposa kumasula mtolo ndi manja awo. Kungoti musasiye chilichonse mkalasi, mwana aliyense akhale ndi kajumbo kake azipita nako kunyumba, olo mukudziwa ena mawa abwera opanda, ena amayi awo asonkhezera moto. Ndiye mwina kusunga mkatoni momwemo kuli bwinoko, koma mulembepo ndi cholembera cha maka zilembo zikuluzikulu dzina lanu ndi kalasi, mujambule pa foni zonse mwapanga kuti wina akadzafunsa mudzamuonetse. Ndipo ahedi anu musakangane nawo, auzeni bwinobwino musanayambe, aitaneni adzaone phunziro limodzi. Anga aja ndinawaitana anaona nkuyamikira komabe anawotcha, koma anu mwina ndi ena.