Bambo akuti makina amenewo amapha ubereki

Mtsikana wina wa ku Chinamwali, amene ali chaka chachitatu cha Physics pa UNIMA, wandilembera motere: "Ndimalakalaka kudzagwira ntchito ku CERN, malo aakulu a kafukufuku wa sayansi ku Ulaya, kuteteza amisiri okonza makina a accelerator (othamangitsa tinthu tating'onoting'ono pa liwiro lalikulu) ku cheza choopsa chimene amati radiation. Koma bambo akuti ndikakhudza zimenezo sindidzabereka. Akufuna ndisiye, ndikayambe unamwino. Tulo sindikuliona."

Makalata otere ndawawerenga ambiri. Ndiyamba ndi inu, bambo.

Mwana wapirira zaka zitatu, masamu ovuta aja wawagonjetsa, lero mukuti abwerere pambuyo chifukwa cha nkhani yongomva? Zimenezi zimandipweteka mtima. Cheza nchoopsadi, sindikukana, koma chimayezedwa. Wantchito aliyense m'malo otere amavala pachifuwa kabaji kotchedwa dosimeter, kamene kamasunga mlingo wonse umene thupi lalandira. Mlingowu amauwerengera m'mamillisievert, ndipo malire amene mabungwe apadziko lonse amalimbikitsa kwa wantchito ndi 20 pachaka, powerengera zaka 5 pamodzi, ndipo chaka chimodzi asapyole 50. Tonsefe, ngakhale amene sanaonepo makinawa, timalandira pafupifupi 2.4 pachaka kuchokera m'nthaka, m'miyala, mumpweya ndi kuthambo. Kuti ubereki wa mkazi uwonongeke pamafunika masauzande, olowa m'thupi kanthawi kochepa. Ndipo wantchito akanena kuti ndi woyembekezera, ntchito yake imasinthidwa kuti mwana wam'mimbayo asalandire kuposa 1. Mantha anu ndi a chikondi, ndikudziwa, koma musamuthyole mwana miyendo nawo.

Tsopano iwe mwana wanga, tamvera bwino ntchito imene ukuifunayo, chifukwa ndikukayika ngati unaifufuza mokwanira.

Accelerator ikazimitsidwa, mtsinje wa tinthu tothamanga tija umathera pomwepo. Vuto la wokonza lili pa zimene zatsala. Zitsulo zimene zakhala zikumenyedwa ndi tinthu ta mphamvu zambiri zimayamba kutulutsa cheza pazokha, monga mafuwa amakhalabe otentha moto utazima kale. Nchifukwa chake salowa msanga: amadikira kaye kuti chezacho chitsike, nthawi zina maola, nthawi zina masabata. Woyamba kulowa ndi wachitetezo, mita m'manja, kuyeza malo ndi malo ndi kulemba pamene munthu sayenera kuchedwapo. Aliyense wolowa amazula kiyi wake pakhomo nkuika m'thumba, ndipo makinawo sangayake mpaka makiyi onse atabwezedwa. Asanatseke chitseko, amayendera ngodya zonse kuonetsetsa kuti simunatsale munthu. Ntchito yovuta amayamba kuiyeserera panja, pa chitsanzo cha chipangizocho, kuti mkati muja ya mphindi 20 ikatenge 5. Ukatalikira kuwirikiza kawiri pa kachitsulo kotulutsa cheza, umalandira gawo limodzi lokha mwa magawo 4, choncho sipanala yachigwiriro chachitali nayonso ndi chitetezo.

Malamulowa sanangobwera. Mu 1978 ku Protvino, m'dziko limene linali Soviet Union, Anatoli Bugorski anaweramira mu accelerator yotchedwa U-70 pofuna kuona chimene chinawonongeka, osadziwa kuti zotetezera sizikugwira ntchito. Mtsinje wa tinthu tothamanga totchedwa ma proton unamudutsa m'mutu. Anapulumuka, koma khutu lakumanzere linagontha ndipo mbali imodzi ya nkhope inafa ziwalo. Wachitetezo ndi munthu amene amauza injiniya wamkulu kuti "lero simulowa," nkusasunthika ngakhale amukalipire. Udzifunse ngati mtima umenewo uli nawo.

Za CERN ndikuuze mosabisa. Makina awo aakulu, a makilomita 27 pansi pa nthaka pafupi ndi Geneva, ndi odabwitsadi, koma Malawi si membala wa bungwelo, ndipo ntchito zokhazikika zimapita makamaka kwa nzika za mayiko amene ndi mamembala. Pali mwayi wochepa wa ophunzira ochokera kwina wokakhalako masabata angapo. Uyesere, koma usamangepo moyo wako. Ngakhale iThemba LABS pafupi ndi Cape Town, imene ili ndi accelerator yaikulu ya mtundu wa cyclotron, siingatenge munthu wa digiri yoyamba yokha kuchokera ku Chirunga nkumupatsa makiyi.

Accelerator imene ungadzaigwire ndi manja ako ndi linac ya kuchipatala, yowotcha khansa. Kwa zaka zambiri odwala athu amatumizidwa ku India, ku Tanzania ndi ku Zambia kukafuna chithandizo chimenechi, ndipo ambiri anamwalira akudikira pamndandanda. Chipatala cha khansa chimene chinamangidwa pa Kamuzu Central ku Lilongwe chimafuna anthu a medical physics, oyeza makina, owakonza, ndi oyang'anira chitetezo. Lamulo la Atomic Energy Act la 2011 linakhazikitsa bungwe la AERA lopereka ziphaso ndi kuyendera malo onse ogwiritsa ntchito cheza, kuyambira chipinda cha ekisire mpaka mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga. Anthu odziwa zimenezi kuno ndi owerengeka, ndipo apa mpamene ndikufuna uike maso. Malawi ndi membala wa IAEA, bungwe lapadziko lonse loona za mphamvu ya nyukiliya, kuyambira 2006, ndipo bungweli lili ndi thandizo la Marie Sklodowska-Curie la akazi ochita masters m'maphunziro a nyukiliya. ICTP, malo a maphunziro a physics ku Trieste m'dziko la Italy, imaphunzitsa masters ya medical physics kwa ochokera m'mayiko ngati lathu, ndipo University of Ghana ili ndi sukulu ya nyukiliya imene yaphunzitsa anthu ambiri a mu Africa.

Chandikhumudwitsa nchakuti m'kalata yako yonse sunatchule magiredi ako. Malo onsewa amayang'ana transcript, sayang'ana maloto. Ngati electronics ndi masamu ukungokhoza mokwawa, konza zimenezo chaka chino, ndipo pulojekiti yako yomaliza ikhale ya kuyeza cheza. Ukatero ndinganene kuti mwayi ulipo, wosakula kwambiri, koma weniweni.

Sabata ino upemphe bambo akuperekeze ku Zomba Central. Mukapemphe mwaulemu kulankhula ndi wojambula ekisire, akakuonetseni baji yake ndi chovala chamtovu chotchinga cheza, ndipo bambo akafunse okha funso lawo la ubereki kwa munthu amene amagwira ntchitoyo tsiku ndi tsiku.