Musatseketse yakale nyale yofiira isanazime

Asisi, imani kaye. Mwalemba kuti mwatopa ndi ADSL, intaneti ija yodzera pa waya wa foni, ndipo mukufuna kusinthira ku kebulo. Musapite mawa kukatseketsa ADSL ija chifukwa choti anyamata a kebulo akulonjezani kuti akulumikizani m'masiku atatu. Chonde. Ndawerenga zimene mwalemba mtima n'kuyambanso kuwawa, chifukwa ndi mmene ndinachitira ine kuno ku Chelstone, mu Lusaka, kumapeto kwa 2024, ndipo kasitomala amene ndinamutaya sabata imeneyo mpaka lero sanabwerere.

Kutopa kwanu ndikukumva. Inenso inandikwana. Pa pepala ADSL2+, mtundu wa ADSL wothamangirapo, imafika liwiro la 24 Mbps, koma zimenezo ndi za munthu wokhala pafupi ndi ekisichenji, nyumba ya kampani ya mafoni kumene mawaya amachokera. Waya wa kopa ukamatalika liwiro limatsika, ine ndinkapeza 3 kapena 4, ndipo kutumiza fayilo sikunkafika ndi 1 yomwe. Mvula ikangogwa madzi n'kulowa polumikizira mawaya, foni kumangoti shwee, nyale ya DSL pa rauta kumangophethira usiku wonse. Kawiri akuba anadula waya kukagulitsa kwa ogula zitsulo. Ndiye mnyamata atafika pageti atavala sikipa ya kampani, n'kundiuza kuti fibre, waya watsopano wodutsitsa intaneti ndi kuwala, yadutsa kale mumsewu mwathu, sindinaganize kawiri. Ndinalipira yolumikizira ndi ya mwezi woyamba pa mobile money iye ali chiimire pomwepo. Tsiku lomwelo ndinapita m'tauni kukawauza a kampani yakale ya ADSL kuti tsekani, poopa kulipira kuwiri.

Masiku atatu aja anasanduka masabata atatu. Poyamba akuti bokosi la papolo yapafupi ladzaza. Kenako akuti pakufunika polo ina. Kenako akuti tibweretsereni kalata ya alandilodi yololeza kuboola khoma, chinthu chimene akanandiuza tsiku loyamba, alandilodi anga ali ku Petauke kumunda. Nthawi yonseyi ine ndikungothira ndalama m'mabandulo a pafoni.

Amene mumandidziwa muno mukudziwa kuti ndimalemba mabuku a ndalama a mashopu ang'onoang'ono, ndikugwirira kunyumba. PAYE, msonkho wa pa malipiro a antchito wopita ku ZRA yotolera misonkho, ndi ndalama za penshoni za NAPSA zimafunika pofika pa 10 mwezi wotsatira, palibe zokambirana. Anyamata aja anabwera pa 9 Disembala masana. Anakoka waya kudutsitsa mumtengo wa mango wa aneba, kuboola khoma la pabalaza, kukhoma kabokosi koyera, kuyatsa. Nyale yolembedwa LOS inayaka yofiira. Ine sindinkadziwa tanthauzo lake, tsopano ndikudziwa: kuwala sikukufika m'waya, ndiye kuti penapake sipanalumikizidwe kapena pathyoka. Wamkulu wawo akuti amayi musadandaule, makina olumikizira ali ndi gulu lina ku Matero, mawa 8 koloko tili pano. Anandipatsa pepala kuti ndisaine, akuti n'longosonyeza kuti tinafika. Ndinasaina.

Pa 10, Lachiwiri, 8 koloko inakwana, 10, 12, zii. Foni ya wamkulu uja yozima. Magetsi anali atapita m'bandakucha, mukukumbukira mmene zinalili chaka chimenecho madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba chifukwa cha chilala. Batire ya laputopu ili pa 40%. Ndikayesa hotspot netiweki kandodo kamodzi, tsamba kumangozungulira, pofika polowetsa manambala n'kunditulutsa. Ndili ndi makasitomala asanu ndi awiri akundidikira. Ndinaimba ku kampani kakhumi ndi kamodzi, ndinawerenga, ndipo aliyense woyankha ndinkamuyambira nkhani pachiyambi. Wachisanu ndi chitatu ndi amene anandimaliza. Akuti amayi, m'kompyuta mwathu mukuonetsa kuti kwanu anamaliza kulumikiza dzulo, ndipo munasaina. Pepala lija! Ndinanjenjemera manja. Ndinamuuza kuti nyale yofiira ndikuiona ndi maso angawa, iye akuti zimitsani rauta muyatsenso. Munthu ndilibe magetsi, ndayatsa kabokosiko ndi inveta yobwereka kwa aneba kwa mphindi zisanu zokha kuti ndione ngati pasintha kanthu.

Cha m'ma 16 mvula inayamba, ija yamphepo. Ndinakulunga laputopu m'chitenje ndi m'pulasitiki, kuthamangira ku Great East Road, kukwera basi mpaka kumolo. Kumeneko anthu ali thithithi, Lusaka yense wabwera kudzatchaja, soketi iliyonse ili ndi mwini wake. Ndinakhala pansi pakhonde, nsapato zonyowa, mafayilo pamwendo, mpaka mtsikana wina wa ku yunivesite ya UNZA anandimvera chisoni n'kuzula foni yake kuti ndilowetse yanga. Mulungu amudalitse komwe ali. Ndinamaliza asanu. Wachisanu ndi chimodzi ndili pakati, alonda akuti amayi tikutseka. Ndinawachonderera, anandipatsa mphindi khumi, sizinakwane. Pofika kunyumba mdima uli bii, netiweki palibiretu. Ndinakhala pampando mpaka pakati pa usiku kuyang'ana nthawi ikudutsa, misozi ikungotsika, mwana wanga akundifunsa kuti amama kwagwa maliro?

Awiri aja anapatsidwa chindapusa. Ndinalipira ndekha m'thumba mwanga, chifukwa cholakwa sichinali chawo. Mmodzi anamvetsa. Winayo, bambo wachikulire wa shopu ya nsalu ku Kamwala amene ndinamugwirira zaka zisanu ndi chimodzi osachedwapo ngakhale kamodzi, anangoti, “Mayi, ine ndinakukhulupirirani.” Sanakalipe. Sabata yotsatira anatuma mwana kudzatenga mabuku ake.

Ndipo anthu a fibre aja alibe chisoni m'pang'ono pomwe. Anabwera pa 16, kulumikiza kwake mphindi makumi awiri zokha. Makumi awiri! Koma bilu anayamba kuwerengera pa 9, tsiku la pepala lija. Mnyamata wogulitsa uja komishoni yake anadya kalekale, nambala yanga anaibuloka. A ku ofesi akuti oika mawaya si antchito athu ndi makontirakitala, makontirakitala akuti ife timangotsatira zimene atiuza ku ofesi. Nanga ndalama zanga analandira ndani? Polandira ndalama muli kampani imodzi, pa mlandu mwasanduka anthu osadziwana? Ndinalemba kalata, kuikamo manambala onse a madandaulo, n'kuwauza kuti ndikupita nayo ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti. Apo m'pamene anabweza masiku asanu ndi awiri aja, kupepesa kokha ayi. Akale aja nawonso ananditumizira bilu ya mwezi wina wathunthu, akuti kutseka kwapakamwa sikuwerengedwa, pamafunika kalata. Waya woti anali atauzimitsa kale!

Komabe asisi, sinthani. Inde ndikutero ine yemwe. Fibre ikagwira yagwira. Fayilo imene inkanditengera theka la ola tsopano imapita ndisanaike ketulo pamoto, mvula igwe isagwe, ndipo akuba alibe nayo ntchito poti m'kati mwake ndi galasi, si kopa. Mdani wake ndi okumba ngalande ndi malole aatali okoka mawaya. Ingofunsani bwino kuti chimene akuchitcha kebulocho n'chiyani. Kuno ambiri akati kebulo akunena fibre. Ija yodzera pa waya wa TV ndi ina, ndipo imeneyo mumagawana ndi a mumsewu mwanu, madzulo aliyense akayatsa imatha kufooka. Ena amabwera ndi dzina lokoma koma akukupatsani rauta ya simu chabe.

Musasaine kanthu nyale ya LOS ili yofiira. Tsegulani tsamba pa foni yanu, yesani liwiro iwo ali pomwepo, jambulani. Musalipire ngakhale ngwee asanakoke waya, ngakhale kunena zoona aneba anga amene anakana kulipiratu anadikira miyezi iwiri, ndiye mwina lipirani theka, koma lisiti likhale la kampani, osati nambala ya mnyamata. Yakaleyo isungeni mwezi wathunthu zonse ziwiri zikugwira, kulipira kuwiri kamodzi n'kotchipa kuposa zimene ndinaona ine. Koma kalata yotsekera ipelekeni msanga, aidinde, musunge kope, apo ayi adzakudyerani mwezi wina ngati ine. Funsani kuti amafuna masiku angati a chidziwitso, muwerengere nokha. Werenganinso kontirakiti ngati ikukumangani miyezi 12, makamaka inu muli pa lendi, chifukwa mukasamuka waya sungakutsatireni.

Gulaninso kabatire kaja ka 12V ka rauta. Foni yakale ya waya inkalira ngakhale magetsi atazima poti mphamvu inkachokera ku ekisichenji, koma kabokosi ka fibre magetsi akapita nako kagona. Simu ya netiweki ina ikhale m'kabati ili ndi bandulo.

Mwati muli ku Chilenje eti? Musanawayankhe anyamatawo, yendani mumsewu mwanu muyang'ane nyumba imene waya wakuda wopyapyala walowa kale, mugogode, mufunse kuti anadikira masiku angati ndipo ukaduka amabwera liti. Kalata ya alandilodi yambani kuifuna lero.